Kodi mlengalenga mwa dziko mumalekezera pati? Mafunso ndi mayankho

Malire apansi savuta kuwaloza: pali mtsinje, pali chipilala, pali chipata ngati cha ku Mwanza kapena ku Mchinji. Kumwamba kulibe chipilala. Komanso pa Chichewa mawu oti "mlengalenga" timatchulira malo ouluka khwangwala, malo ouluka ndege, ndi komwe kuli mwezi, pomwe malamulo amasiyanitsa malowa kwambiri. M'munsimu tikati "mlengalenga mwa dziko" tikunena dera lomwe boma limalamulira, ndipo tikati "kuthambo" tikunena kutali komwe kumayenda masetilaiti.

Ingotiuzani nambala. Ndi makilomita angati?

Nambala yomwe mayiko onse anasainirana palibe. Chomwe ambiri amavomereza ndi ichi: pamene pali ponse ndege kapena chibaluni chingafike, pamenepo ndi pa dziko lomwe lili pansipo, ndipo pamene setilaiti ikuzungulira dziko lapansi, pamenepo si pa wina aliyense. Zibaluni zimene zinakwera kwambiri zinafika makilomita pafupifupi 53. Setilaiti yoyenda mozungulira bwinobwino siikhalitsa ikatsika kufika cha m'ma 160. Malire ali penapake pakati pa ziwirizi, ndipo ambiri akafunsidwa amatchula makilomita 100, mtunda wonga wochokera ku Lilongwe kukafika ku Salima mutauimika chilili.

Lamulo loti mlengalenga ndi mwa dziko linachokera kuti?

Linabadwa ndi nkhondo. Ndege zisanachuluke, akatswiri ena a malamulo ankati mlengalenga mukhale ngati nyanja yaikulu, moti aliyense azidutsa. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itaonetsa kuti ndege imatha kuponya mabomba ndi kujambula misasa ya asilikali, maganizowo anatha mphamvu. Pangano la ku Paris la mu 1919 linanena kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro wonse, wosagawana ndi wina, pa mlengalenga mwake.

Pangano lomwe likugwira ntchito lero ndi la ku Chicago, lomwe linasainidwa pa 7 December 1944, ndipo ndi lomwe linakhazikitsa bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal ndipo lili ndi mayiko 193. Ndime yoyamba imabwereza mawu a ku Paris aja. Ndime yachiwiri imafotokoza kuti dera la dziko ndi nthaka yake ndi madzi a m'mphepete mwake. Za kutalika kopita kumwamba silinena kanthu. Mu 1944 panalibe chifukwa choti alembe: palibe chinthu chopangidwa ndi munthu chomwe chinali chitazungulirapo dziko lapansi chili kuthambo.

Nanga pangano la zakuthambo silinatchule pomwe thambo limayambira?

Ayi. Pangano la mu 1967 limati palibe dziko lomwe lingatenge thambo, mwezi kapena zinthu zina zakuthambo kukhala zake, ndipo mayiko onse ali ndi ufulu wopitako. Koma silinena kuti kuthambo kumayambira pa mtunda wanji. Ndiye tili ndi mapangano awiri otsutsana kotheratu, lina likuti "muno ndi mwanga ndekha", lina likuti "kuno si kwa munthu", popanda mzere wowalekanitsa. Komiti ya United Nations yoona zakuthambo, COPUOS, yakhala ikukambirana nkhani ya mzerewu kuyambira 1967 ndipo mpaka pano sinamange mfundo.

Makilomita 100 aja anachokera kuti?

Dzina lake ndi mzere wa Kármán, kuchokera kwa Theodore von Kármán, katswiri wa za kauluke wobadwira ku Hungary yemwe anagwira ntchito ku America. Mfundo yake ndi yosavuta. Ndege imayandama chifukwa mpweya umakankha mapiko ake. Mukamakwera mpweya umachepa, choncho ndege iyenera kuthamanga kwambiri kuti mapiko apezebe chowanyamula. Pamafika pena pomwe liwiro lofunikalo limafanana ndi la setilaiti, makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Zikatero mapiko alibenso ntchito, chinthucho chikuyenda ngati setilaiti basi. Pa makilomita 100 mpweya umakhala utachepa kufika pa gawo limodzi mwa magawo pafupifupi 2 miliyoni a mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti masamu a Kármán mwiniwake ankaloza cha pa makilomita 84. Nambala ya 100 inasankhidwa chifukwa ndi yosavuta kuikumbukira, ndipo amene amaigwiritsa ntchito kwambiri ndi bungwe la FAI la ku Lausanne, lomwe limasunga mbiri ya amene anauluka kutali kapena mothamanga kuposa anzawo. FAI si boma, ndipo siipanga malamulo a mayiko. Asilikali a ku America amamutcha munthu kuti wafika kuthambo akapitirira mamailosi 50, omwe ndi makilomita 80. Katswiri wina wa zakuthambo, Jonathan McDowell, analemba mu 2018 kuti 80 ndi yomwe ikugwirizana bwino ndi mmene masetilaiti amachitira akamatsika.

Mayiko angapo analemba nambala m'malamulo awo. Australia inaika makilomita 100 m'lamulo lake la zakuthambo mu 2002, Kazakhstan mu 2012, Denmark mu 2016. Malamulo otere amathandiza boma kudziwa amene akufunika chiphaso choponyera roketi, koma samanga dziko lina lililonse.

Chifukwa chiyani setilaiti imadutsa pamwamba pathu osapempha?

Chifukwa pa nthawi yoyamba palibe anadandaula. Soviet Union itaponya setilaiti yoyamba, Sputnik 1, pa 4 October 1957, kachipangizoko kankazungulira dziko lonse pa mphindi pafupifupi 96, ndipo pamene kankatsika kwambiri kankafika makilomita 215. Kanadutsa pamwamba pa America ndi mayiko ena ambirimbiri. America inangokhala chete, ndipo kukhala cheteko kunali ndi phindu lake, popeza nayo inkakonza masetilaiti ojambula Soviet Union ndipo inkafuna kuti njirayo ikhale yotseguka. Mayiko akamachita chinthu mobwerezabwereza, onse n'kumachiona ngati chololedwa, chimasanduka lamulo ngakhale chisanalembedwe.

Palinso chifukwa china chogwirika. Setilaiti siikhota ngati galimoto. Imayenda makilomita oposa 7 pa sekondi, ndipo dziko lapansi limatembenuka pansi pake. Yodutsa motsata kutalika kwa Malawi, kuchokera ku Chitipa kukafika ku Nsanje, imatenga mphindi ziwiri zokha. Kuti izipempha chilolezo pa malire aliwonse, sipakanakhala setilaiti ngakhale imodzi.

Ndi pa mtunda uti pomwe zinaonekeratu kuti dziko lili ndi mphamvu?

Ndege zonyamula anthu zimauluka pa makilomita 10 mpaka 12. Oyendetsa ndege amayeza m'mafiti, ndipo mukamva akuti FL350 akunena mafiti 35,000, pafupifupi makilomita 10.7. Ndege yothamanga kwambiri ya Concorde inkafika makilomita 18. Pamenepa palibe mkangano.

Nkhani ziwiri zimasonyeza kuti ulamuliro umapitirira apo. Pa 1 May 1960 Soviet Union inagwetsa ndege yaukazitape ya America ya mtundu wa U-2 pafupi ndi mzinda wa Sverdlovsk, ikuuluka pa makilomita pafupifupi 21. Woyendetsa wake, Francis Gary Powers, anagwidwa wamoyo n'kuzengedwa mlandu ku Moscow. America inayamba yanama kuti inali ndege yofufuza zanyengo yomwe inasochera, kenako inavomera, koma sinanene kuti makilomita 21 ali kunja kwa mlengalenga mwa Soviet Union.

Patatha zaka 63 zinthu zinatembenuka. Chibaluni chachikulu cha ku China chinadutsa pamwamba pa America pa makilomita pafupifupi 18, ndipo pa 4 February 2023 ndege yankhondo ya F-22 inachiphulitsa m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina. China inati chinali chofufuzira zanyengo ndipo chinatengedwa ndi mphepo. Nayonso sinanene kuti chinali pamwamba kwambiri moti America ilibe nacho mphamvu. Onaninso pomwe anachiphulitsira: anadikira kuti chichoke pamtunda kuti zidutswa zisagwere anthu, koma sanalole kuti chipitirire malire a madzi a America.

Kupitirira apo zitsanzo zimasowa. Ndege ya injini ya jeti yomwe inakwera kuposa zonse ndi MiG-25 yokonzedwa mwapadera, imene Alexandr Fedotov anafika nayo pa mamita 37,650 mu 1977, koma kunali kungolumpha n'kutsika. Pakati pa makilomita 20 ndi 100 ndi pomwe lamulo silinayesedwe mokwanira, ndipo ndi pomwe makampani ayamba kulowa. Zibaluni za kampani ya Loon, zomwe zinkapereka intaneti ku Kenya mu 2020 mogwirizana ndi Telkom Kenya, zinkayandama cha pa makilomita 20, ndipo zinkafunika chilolezo cha mayiko omwe zinkadutsamo. Ntchitoyo inatsekedwa mu 2021.

Ngati vuto likudziwika, bwanji osangogwirizana?

Pali magulu awiri. Loyamba limati tijambule mzere, pansi pake pakhale malamulo a ndege, pamwamba pake a kuthambo. Soviet Union inapereka maganizo otere mu 1979, kuti mzere ukhale pa makilomita 100 mpaka 110. Gulu lachiwiri limati tisayang'ane pomwe chinthu chili koma chomwe chikuchita: ngati ulendo wake ndi wa kuthambo, chitsate malamulo a kuthambo ngakhale pomwe chikudutsa m'munsi.

America yakhala ikunena kuti mzere ndi wosafunika, poti kusowa kwake sikunadzetsepo vuto lenileni. Mawuwa ali ndi choonadi chake, koma n'zoonekeratunso kuti kusowa kwa mzere kumakomera amene ali ndi zida zofika kumeneko. Mukauika pamwamba kwambiri, masetilaiti ena otsika ndi zombo zobwerera pansi zidzafunika chilolezo. Mukauika pansi kwambiri, mwatsegulira adani njira youlukira pamutu panu. Dziko lomwe lili ndi zonse ziwiri, zida zodutsa pamwamba pa ena ndi mlengalenga mwake moti muteteze, limaona kuti bola kusiya zinthu mmene zilili.

Kodi pali dziko lomwe linayesapo kunena kuti ulamuliro wake umafika kuthambo?

Inde, ndipo mayiko a mu Africa anali nawo. Pamwamba pa ikweta, pa makilomita 35,786, pali njira yapadera pomwe setilaiti imazungulira pa liwiro lofanana ndi kutembenuka kwa dziko lapansi, moti kwa munthu ali pansi imaoneka ngati yaima. N'chifukwa chake dishi ya kanema mukaimangirira simuisunthanso. Malo m'njira imeneyi ndi owerengeka. Mu December 1976, ku Bogotá, mayiko a Colombia, Ecuador, Congo, Zaire (DRC ya lero), Kenya, Uganda ndi Indonesia, pamodzi ndi Brazil ngati woonerera, analengeza kuti gawo la njirayo lomwe lili pamwamba pa dziko lililonse ndi chuma cha dzikolo. Ankati popeza pangano la 1967 silinanene pomwe thambo limayambira, palibe angawatsutse.

Mayiko okhala ndi masetilaiti anakana, ndipo chilengezocho sichinapite patali, ngakhale malamulo aakulu a Colombia a mu 1991 amatchulabe gawo la njirayo ngati mbali ya dzikolo. Dandaulo lawo lenileni linali loti olemera adzadzaza malo onse osauka asanakwanitse kuponya setilaiti, ndipo limeneli linamveka. Bungwe la ITU la ku Geneva, lomwe limagawa malowa, linakonza ndondomeko yosungira dziko lililonse kagawo kake.

Nanga cham'mbali, mlengalenga mwa dziko mumalekeza pati?

Apa nambala ilipo. Pamtunda mumatsata malire apansi. Kunyanja yamchere mumafika mamailosi apanyanja 12 kuchokera kugombe, omwe ndi makilomita 22.2, malinga ndi pangano la malamulo apanyanja la mu 1982. Kusiyana kwake n'kwakuti sitima yakunja ili ndi ufulu wodutsa mwamtendere m'madzi amenewa, koma ndege ilibe ufulu wotero pamwamba pake. Greece imati mlengalenga mwake mumafika mamailosi 10 pomwe madzi ake m'nyanja ya Aegean amalekeza pa 6, ndipo Turkey siivomereza mamailosi 4 owonjezerawo. Ndege zankhondo za mayiko awiriwa zakhala zikuthamangitsana m'kampata kameneko kwa zaka zambiri.

Kwathu kuno, zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, choncho mlengalenga mwake namonso ndi mozunguliridwa.

Oyang'anira ndege a dziko lina akamalankhula ndi ndege zili pamwamba pa dziko lathu, ndiye kuti tataya ulamuliro?

Ayi. ICAO inagawa mlengalenga monse m'zigawo zotchedwa FIR, ndipo chigawo chilichonse chili ndi amene amapereka uthenga kwa oyendetsa ndege, kuzitalikitsa kuti zisawombane, ndi kuyambitsa ntchito yofufuza ikasowa. Malawi ili ndi chigawo chake chotchedwa Lilongwe FIR. Koma zigawozi sizitsata malire nthawi zonse. Zina zimaphimba nyanja zomwe si za dziko lililonse. Liberia, Guinea ndi Sierra Leone amagawana chigawo chimodzi cha Roberts. Mayiko ambiri olankhula Chifalansa mu Africa anapereka ntchitoyi ku bungwe la ASECNA, lomwe likulu lake lili ku Dakar. Imeneyi ndi ntchito yobwereketsa, ulamuliro umatsala ndi mwini dziko.

Komabe wogwira chigawo amatolera ndalama ndipo amadziwa chilichonse chodutsa, n'chifukwa chake mayiko amalimbirana. Indonesia inakambirana ndi Singapore kwa zaka zambiri kuti itengenso chigawo cha pamwamba pa zilumba za Riau ndi Natuna, mpaka anagwirizana mu 2022.

Ndege yakunja ikafuna kungodutsa osatera, imatani?

Zimatengera mtundu wa ndege. Za makampani zoyenda pa ndandanda zimadutsa pansi pa pangano lina la mu 1944 lolola kudutsa ndi kutera kukamwetsa mafuta, kapena pansi pa mgwirizano wa mayiko awiri. Russia sinalowe m'pangano limenelo, ndipo kwa zaka zambiri inkalipiritsa makampani a ku Ulaya kuti adutse pamwamba pa Siberia. Ndege za boma, za asilikali, za apolisi ndi za kasitomu sizilowa popanda chilolezo chapadera chodzera ku unduna wa zakunja. Ndege yopanda woyendetsa nayo imafuna chilolezo chapadera, malinga ndi ndime 8 ya pangano la ku Chicago.

Ndege yahayala kapena ya munthu payekha, m'mayiko ambiri a mu Africa, imapempha chilolezo chodutsira ku bungwe loona za ndege masiku angapo ulendo usanachitike. Pempho limakhala ndi nambala ya ndege, mtundu wake, kulemera kwake ikadzaza, malo olowera ndi otulukira, nthawi, cholinga cha ulendo, ndi zikalata za umwini, za inshuwalansi ndi zosonyeza kuti ndege ili bwino. Nambala ya chilolezo imalembedwa m'pulani ya ulendo. Malipiro amawerengedwa potengera kulemera kwa ndege ndi mtunda womwe yadutsa.

Zolakwika zake zimakhala zazing'ono koma zodula. Ulendo ukachedwa, chilolezo chimatha ntchito. Kampani ikasintha ndege mwadzidzidzi, nambala ya pachilolezo siigwirizananso ndi ndege yomwe yafika pa malire. Nthawi zonse za ndege zimalembedwa mu nthawi ya padziko lonse ya UTC, yomwe ili m'mbuyo ndi maola 2 poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndiye wolemba nthawi yakwawo pa ulendo wa pakati pa usiku amaphonya tsiku lathunthu. Ngongole yakale ya malipiro imakanitsanso chilolezo. Ndege yokanizidwa imazungulira pa malire kudikira yankho kapena kulambalala, ndipo mafuta osungira akachepa imakatera komwe sinakonzekere.

Dziko lingathenso kutseka mlengalenga mwake. Kuyambira 1963 mayiko ambiri a mu Africa analetsa South African Airways kudutsa chifukwa cha tsankho, ndipo ndege zake zopita ku Ulaya zinkazungulira kunyanja ya Atlantic n'kumakamwetsa mafuta pa chilumba cha Sal ku Cape Verde. Kuyambira 2022 ndege zambiri za ku Ulaya sizidutsa mu Russia, moti ulendo wa Helsinki kupita ku Tokyo, womwe unkatenga maola pafupifupi 9, umatenga cha m'ma 13.

Ndege ikalowa popanda chilolezo, boma lingaigwetse?

Yankhondo ili pa ngozi imeneyo. Yonyamula anthu wamba ayi. Pa 1 September 1983 ndege ya Korean Air Lines yochokera ku Anchorage kupita ku Seoul inasochera n'kulowa mlengalenga mwa Soviet Union, ndipo inaomberedwa pafupi ndi chilumba cha Sakhalin. Anthu onse 269 anafa. Chaka chotsatira mayiko anawonjezera ndime m'pangano la ku Chicago yoletsa kugwiritsa ntchito zida pa ndege ya anthu wamba ili m'mwamba. Boma lili ndi mphamvu yoilamula kuti itere.

Kachitidwe kake n'kolembedwa. Ndege yankhondo imabwera kutsogolo chakumanzere, m'mwamba pang'ono, n'kugwedeza mapiko, kutanthauza kuti "nditsate". Winayo amagwedezanso mapiko kuvomera, amaitana pa wailesi pa 121.5 MHz, n'kuika nambala 7700 pa chipangizo chomuonetsa pa rada. Yankhondoyo ikatsitsa matayala n'kudutsa pamwamba pa bwalo, ikuti "tera pano".

Nanga maroketi ndi mizinga?

Roketi imakwera chilili kwa kanthawi kenako n'kupendekeka, ndiye mayiko amasankha malo oponyera oyang'ana kunyanja kapena kuchipululu kuti ikamafika pamwamba pa anansi ikhale ili kale kutali. Israel imaponya masetilaiti ake chakumadzulo, pamwamba pa nyanja ya Mediterranean, mosemphana ndi kutembenuka kwa dziko lapansi. Kutero kumadya mafuta ambiri ndipo kumachepetsa katundu, koma kum'mawa kuli mayiko omwe sangalole zidutswa kuwagwera. Mzinga wa North Korea womwe unadutsa pamwamba pa chilumba cha Hokkaido ku Japan mu August 2017 unakwera mpaka makilomita pafupifupi 550. Japan inakwiya kwambiri, ndipo mlandu waukulu unali wophwanya zigamulo za United Nations zoletsa North Korea kuyesa mizinga yotere.

Ngati setilaiti siipempha chilolezo, bwanji Starlink inadikira chiphaso?

Kudutsa ndi kwaulere, kugulitsa ayi. Masetilaiti a Starlink, omwe amapereka intaneti, amayenda makilomita mazana angapo m'mwamba, kunja kwa ulamuliro wa aliyense, koma mafunde a wailesi ofika pansi ndi dishi ya pakhomo panu zili m'manja mwa boma. Ku Malawi inayamba kugwira ntchito mu 2023 italandira chiphaso cha bungwe loona za mauthenga la MACRA, ku Zimbabwe mu 2024. Kujambula ndi nkhani ina: mfundo za United Nations za mu 1986 sizifuna kuti wojambula dziko lanu ali kuthambo ayambe wakupemphani.

Chidutswa cha setilaiti chikagwera m'munda, mlandu ndi wa yani?

Wa dziko lomwe linaponya. Pangano la mu 1972 limati dzikolo lilipire zonse zowonongeka pansi, ngakhale lisanalakwitse kanthu. Mu January 1978 setilaiti ya Soviet Union ya Cosmos 954, yomwe inali ndi mphamvu ya nyukiliya, inamwazika kumpoto kwa Canada. Canada inapempha madola ake oposa 6 miliyoni, ndipo inalandira 3 miliyoni. Pa 30 December 2024 chitsulo chozungulira cholemera makilogalamu pafupifupi 500 chinagwa m'mudzi wa Mukuku ku Makueni, m'dziko la Kenya.

Wodandaula ndi boma, osati mwini munda payekha, ndipo chidutswacho chimakhalabe cha amene anachiponya. Musachigwire kapena kupita nacho kwa ogula zitsulo zakale, chifukwa matanki ena amatsalira mafuta a hydrazine omwe ndi poizoni woopsa. Talikitsani ana ndi ziweto, jambulani muli patali, dziwitsani apolisi.

Pomaliza, pamwamba pa nyumba yanga ndi panga mpaka pati?

Lamulo lakale la ku Ulaya linkati mwini nthaka ndi mwini zonse mpaka kumwamba. Ndege zinalithetsa. Mlandu wotchuka ndi wa mlimi wa nkhuku wa ku Greensboro, North Carolina, dzina lake Causby. Ndege zankhondo zinkadutsa mamita 25 okha pamwamba pa malo ake popita kukatera, ndipo nkhuku pafupifupi 150 zinafa podziwombetsa kukhoma ndi mantha. Mu 1946 khoti lalikulu la America linagamula kuti mlengalenga ndi msewu wa anthu onse, koma mwini malo ali ndi gawo la m'munsi lomwe akufunikira kuti agwiritse ntchito malo ake, choncho boma limulipire. Khotilo silinatchule mamita.

Masiku ano funsoli limabwera chifukwa cha madroni. Mayiko ambiri amalola droni kukwera mamita 120 okha popanda chilolezo chapadera, ndipo amaletsa kuiulutsa pafupi ndi bwalo la ndege kapena malo a asilikali. Ngakhale dera loyeserako madroni la ku Kasungu, lomwe boma la Malawi linatsegula ndi UNICEF mu 2017, linapatsidwa malire ake: makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la m'bomalo.